Kapinga akuuma mabalamabala, ndipopere chani abale?

Make Tadala (Area 47): Mwadzuka bwanji nonse. Ndithandizeni abale, kapinga wa kutsogolo kwa nyumba wayamba kuuma koma osati yense, akuuma mabalamabala ngati mutu wa mwana wa zipere, pena pobiriwira pena pofiirira. Timathirira ndithu madzulo aliwonse. Anyamata amene amatithandiza panja pano akuti ndigule Roundup, aneba akuti ayi ndigule cypermethrin, nde ine mutu waima, ndigule uti pa awiriwa? Pikicha ndaponya.

Achimwene a ku Joni: Mayi chonde chonde Roundup musayerekeze!! Ameneyo sasankha, chilichonse chobiriwira chimene wachikhudza chimafa mpaka mizu. Mupopera lero, pakatha masabata awiri pabwalo ponse padzakhala gwaa ngati bwalo la mpira la ku pulaimale mwezi wa Okutobala.

Nachisale: kkkkk koma anyamatawo akufuna ntchito yotchetcha ithe eti

Make Tadala (Area 47): Shaa! nde ndikanagulatu lero lomwe popita ku tauni. Nanga winayo?

Mlangizi wopuma: Amake Tadala, musanatulutse ndalama tiyeni tidziwe kaye chimene chikudya kapingayo. Awiri mwatchulawo ntchito zawo sizifanana n'komwe, Roundup dzina lake lenileni ndi glyphosate ndipo ndi wopha udzu, cypermethrin ndi wopha tizilombo. Pa pikicha yokha sindingakuuzeni, chifukwa bala la chiswe, la mbozi za m'nthaka, la feteleza, la mkodzo wa galu, onsewa pafoni amaoneka chimodzimodzi. Chitani izi mawa mmawa dzuwa lisanakwere. Pitani m'mphepete mwa balalo, pamene pouma pakumana ndi pobiriwira, osati pakati ayi, pakati pamene panauma kale tizilombo timakhala titachokapo. Gwirani udzuwo ndi dzanja mukoke. Ukazuka mosavuta wopanda mizu nkumanyamuka ngati mukufunyulula mkeka, kumbani pang'ono mupeza mbozi zoyera zonenepa zopindika, mutu wofiirira, zimenezo zimadya mizu. Mukaona dothi lomatamata pa udzu ngati wina wazira, nkuliphwanya mkati muli tizilombo toyera, chimenecho ndi chiswe. Mukapanda kuona kanthu sungunulani sopo wotsukira mbale masipuni awiri mu ndowa ya madzi muthire pamalo ngati sitepe imodzi mbali zonse, mudikire mphindi khumi, mbozi zobisala masana zimatuluka zokha sopo akaziwawa.

Make Tadala (Area 47): Zikomo bambo, ndichita mawa. Galu tili naye koma amakhala kuseli.

Wa ku Chigumula: Ine ndikuti ndi chiswe basi, nyengo ino kulibe china. Gulani mankhwala a chiswe aja amathira pa fondeshoni pomanga nyumba, musungunule kwambiri muthire ponseponse nkhani yatha. Kwathu tinatero.

Mlangizi wopuma: Mwina ndi chiswe inde koma "kusungunula kwambiri" ndi kumene sindikugwirizana nako. Pabwalo pamasewera ana, nkhuku zimatola pomwepo, ndipo ena mwa mankhwala a chiswe amenewa, monga fipronil, amapha njuchi ndi nsomba ndi pang'ono pomwe. Mlingo uli pa lebulo, kuwonjezera sikuti chiswe chifa kawiri.

Wa ku Chigumula: Bambo malebulo ake ati, ife timagula za mmabotolo a Fanta kumsika kkkk

Nachisale: Nde vuto lakenso limenelo. Mankhwala mu botolo la Fanta mnyumba muli ana?? Koma anthu inu

Mlangizi wopuma: Zimenezo si zoseka aChigumula. Botolo lopanda lebulo simudziwa muli chani, linatha liti mphamvu, athiramo madzi ochuluka bwanji, ndipo tsiku limene mwana wamwa adokotala akafunsa kuti wamwa chani mulibe choyankha. Kuno kwathu kuli bungwe la Pesticides Control Board, ku Bvumbwe, ndi limene limalembetsa mankhwala ovomerezeka ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Gulani mu shopu ya za ulimi, botolo lotseka, lebulo ili pomwepo. Muyang'anenso mzere wa mtundu pansi pa lebulo, wofiira ndi poizoni wamphamvu zedi, wobiriwira ndi wocheperako. Pa kapinga wa pakhomo palibe chifukwa chogwirira za mzere wofiira. Ndipo tameki uja anthu amagula wa makoswe asayandikire n'komwe pakhomo, agalu ambiri m'matauni muno apita naye.

Achimwene a ku Joni: Kuno ku Johannesburg ntchito yanga ndi yomweyi ya mgadeni, mayadi a mabwana angapo, nde ndikuuzeni zimene ndimaona. Chiswe cha pa kapinga chilipo cha mitundu iwiri. China ndi chomata dothi chija anena abambowa, chimenecho kwambiri chimatsata udzu wouma kale umene waunjikana pansi, nde ngati simupalapo ndi leki mukuchiitana nokha. China nchachikulu mutu wakuda, chimatuluka masana dzuwa likuswa mtengo, mumachiona ndi maso chikudula udzu tizidutswatizidutswa nkumakokera mmaenje, pambali pa dzenje pali kamulu ka dothi losalala. Chimenechi kupopera pamwamba nkutaya ndalama chifukwa chisa chili pansi patali, ife timawaza nyambo yake yogula, chimanyamula chokha kupita nayo kunyumba kwake. Koma kunena zoona kapinga amene akumwa madzi bwino chiswe sichimugonjetsa, chimapezerera wofooka.

Make Tadala (Area 47): Koma achimwene madzi nde timathira daily

Achimwene a ku Joni: Kuthira kwake kotani mayi? Kuwaza ndi chala pa paipi mphindi zisanu uku mukuyankha foni? Kumeneko kumangonyowetsa pamwamba, mizu imazolowera kukhala pamwamba pomwepo, dzuwa likangowomba masiku awiri yapsa. Bola kuthira kawiri pa sabata koma mothira zenizeni, madzi alowe pansi, komanso mmamawa osati madzulo. Udzu ukagona wonyowa usiku onse ndi pamene matenda a mabala ozungulira aja amayamba makamaka kukatentha. Mukafuna kudziwa ngati alowa tengani sikuludiraiva mubaye, ikalowa yonse mosavuta ndiye kuti zili bwino, ikakana pa nsonga pomwepo ndiye kuti mwangosambitsa udzu.

Mlangizi wopuma: Kuti muone kukula kwa nkhani, kapinga nyengo yotentha amafuna madzi pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, kutanthauza malita 25 pa sikweya mita iliyonse. Bwalo la mamita 10 mulitali 10 mulifupi ndi malita 2,500 sabata imodzi, madiramu a malita 200 aja khumi ndi awiri ndi theka.

Bambo a ku Kawale: Malita 2,500 kumwetsa udzu umene sudyedwa!! Abale inu tiyeni tizinena zoona, zinthu zina nzotengera kwa azungu. Agogo athu pabwalo ankasesa mbee mpaka njoka ikadutsa umaona mkukuluzi wake. Ine panga ndinalima ndinadzala mpiru, chainizi ndi anyezi, madzi omwewo koma ndiwo sindigula.

Nachisale: Ayamba abambo a ku Kawale kkkkk gulu lililonse amapezeka mmodzi

Make Tadala (Area 47): Bambo dimba lilipo kuseli, koma kutsogolo fumbi linatikwana, mwezi wa Ogasiti mphepo ikamawomba makatani onse amasanduka ofiira, ndipo dzinja matope mpaka pa khonde. Kapinga amagwira dothi.

Bambo a ku Kawale: Pa fumbi pokhapo ndavomera. Koma bilu ya madzi musadzatidandaulire pano.

Mlangizi wopuma: Onse awiri mukunena zoona, ndipo pali njira ya pakati imene anthu saikonda chifukwa cha maso a aneba. Kapinga wathu wa masamba ang'onoang'ono uja safa ndi chilimwe, amangogona. Amafiira Seputembala, Okutobala, mvula yoyamba ikagwa masabata awiri wabiriwira yekha chifukwa mphamvu amasunga mu mizu yoyanga pansi. Alimi amamudziwa bwino, mmunda wa chimanga ndi mdani wosatheka. Nde ngati madzi akuvuta musiyeni agone, muzingomupatsa pang'ono kamodzi pa masabata awiri. Amene sapirira kwambiri ndi kikuyu, uja wa masamba otambalala wochokera ku mapiri a ku Kenya, ameneyo ndi chidakwa cha madzi ndi feteleza.

Anaphiri ku Leeds: Ndikuwerenga uku ndikuseka, inu mukulira dzuwa ife kuno tikulira chinyezi. Kapinga wa kuno mdani wake ndi ndere, imamera pakati pa udzu chifukwa cha mthunzi ndi mvula yosatha, kenako nkhono zopanda chigoba zija usiku umodzi zimamaliza maluwa onse amene wadzala. Ndimatuluka ndi tochi kumatola mmodzimmodzi, aneba anga achizungu amaika mowa mu kachitini nkukwirira pansi, nkhonozo zimagweramo. Chodabwitsa nchakuti kunonso chilimwe chikavuta amaletsa kuthirira ndi paipi, udzu umafiira mmapaki monse ndipo palibe amene amachita nazo manyazi.

Wa ku Chigumula: Mowa kupatsa nkhono? Dziko limenelo ndalama zachuluka

Mtsikana wa maluwa: Pepani ndilowerere ndi langa poti akatswiri alipo. Ndimagulitsa mbande za maluwa mmachubu mphepete mwa msewu, nde ma hibiscus ndi duranta wa mpanda uja wachikasu agwidwa ndi tinthu toyera ngati thonje mmphanda mwa nthambi, masamba akuda bii ngati apakidwa mwaye ndipo nyerere zili balalabalala kukwera ndi kutsika. Ndapopera cypermethrin kawiri sizikusintha, makasitomala akungoyang'ana nkumapita.

Mlangizi wopuma: Amenewo ndi akodikodi mwanawe, abale ake a aja anavutitsa chinangwa ku Nkhata Bay zaka za m'ma 1980. Thonje ukulionalo ndi phula limene amadzikuta nalo, mankhwala amangotsetsereka osawafika pakhungu. Amayamwa madzi a mtengo nkumatulutsa timadzi totsekemera, mwaye wakudawo ndi nkhungu yomera pa timadzi timeneto, si matenda a mtengo ayi, ukapukuta ndi chala umachoka tsamba lili bwinobwino pansi. Nyererezo zikudzamwa zotsekemerazo ndipo zimawalondera, zimathamangitsa tizilombo tina timene timadya akodikodi, mwinanso kuwanyamula kuwapititsa pa chubu china. Nde cypermethrin wakoyo wapha alonda a mbewu zako, akodikodi atsala. Dula nthambi zogwidwa kwambiri uwotche, machubu odwala uwaike patali ndi abwino, otsalawo tsuka ndi madzi a sopo pogwiritsa ntchito mswachi wakale, ubwereze pakatha sabata chifukwa mazira amaswa pambuyo. Ku chinangwa kuja chimene chinathandiza si kupopera, anabweretsa kamavu kakang'ono kochokera ku South America kamene kamaikira mazira mwa kodikodi.

Mtsikana wa maluwa: Mswachi machubu 300 bambo?? ndifa ine

Nachisale: Yamba ndi amene ali ndi maluwa kale, ogulitsika msanga. Ine ndimathira timafuta tophikira supuni imodzi mmadzi a sopowo lita imodzi, ndikhutchumule bwinobwino, timafutato timawatseka mpweya. Koma upopere madzulo dzuwa litapepa, masana masamba amapsa, ndipo yesa kaye pa chubu chimodzi. Nsabwe zobiriwira za pa marozi nazonso zimafa ndi zomwezi. Nimu nayenso amathandiza, kusinja masamba kapena njere nkuviika usiku onse, kusefa ndi kansalu kuti sipuleya isatsekeke.

Bambo a ku Kawale: Ombwe bwanji simukumutchula, ena amati mthuthu. Ine ndinadzala mmphepete mwa dimba, masamba ake ndimaviika kupopera ndiwo, ndipo mfuko zinachepa.

Mlangizi wopuma: Amagwira ntchito ameneyo, koma poti ndi wachilengedwe musamuyese madzi akumwa. Ndi yemwe uja anthu ankaphera nsomba mmadziwe, nde amene ali ndi damu la nsomba kapena ali pafupi ndi mtsinje asamale, ndiwo zopopera mudikire masiku angapo ndi kutsuka musanaphike.

Achimwene a ku Joni: Pa marozi ndiwonjezere, madontho akuda pamasamba kenako tsamba lichite chikasu nkugwa, imeneyo ndi nthenda, si tizilombo, nde cypermethrin alibe nayo ntchito. Imabwera ndi kunyowa kwa masamba. Thirirani pansi pa tsinde, masamba ogwa tolani muwotche osaponya pa kompositi, dulirani pakati mphepo izidutsa. Zikakanika ndi pamene timapopera mankhwala a matenda a mbewu monga Dithane kapena kopa, koma amateteza masamba atsopano okha, odwala kale sachira. Anthu ambiri botolo limodzi amafuna lichize zonse ngati panado.

Make Tadala (Area 47): Mwaswera bwanji, ndabwera ndi lipoti. Ndakoka udzu uja sukuzuka, mizu ilipo yolimba. Madzi a sopo ndathira malo atatu patuluka nyongolotsi ziwiri ndi kankhululu kamodzi basi. Koma kufupi ndi mpanda dothi lomata lija lilipodi, ndaphwanya muli chiswe chochepa, ndipo pansi pa udzu pali zinyalala za udzu wouma zokhuthala ngati matiresi. Chinanso, mabala a pakati pabwalo ndawayang'anitsitsa ali mumzere, motalikana mofanana, mmphepete mwake udzu uli wobiriwira kwambiri kuposa pena ponse. Ndafunsa anyamata aja akuti masabata atatu apitawo anawaza urea wotsala wa kumunda ndi manja, ndipo tsiku limenelo madzi anali atasiya.

Achimwene a ku Joni: Basi mlandu watha, wapsa ndi feteleza ameneyo! Pamene chikhatho chinagwera pambiri papsa, mmbali mmene munafika wochepa mwabiriwira. Mumzeremo ndi mmene ankayenda.

Wa ku Chigumula: Koma chiswe chilipo, ndinanena ine

Nachisale: Mwapeza theka la malikisi aChigumula khalani pansi kkkk

Mlangizi wopuma: Urea ndi wamphamvu, nayitrojeni wake ndi 46 pa 100 iliyonse, akagwera pa udzu popanda madzi amawotcha ngati mchere. Musawakalipire kwambiri anyamatawo, kumunda amathira pa phando nkukwirira nde anaona ngati nchimodzimodzi. Mabalawo thirani madzi ambiri masiku angapo kuti feteleza asungunuke alowe pansi, kapinga ayanga yekha kuchokera mmbali. Ulendo wina muwaze wochepa, magalamu 10 pa sikweya mita akwana, udzu uli wouma, nkuthirira nthawi yomweyo, kapena mungodikira mvula ikhazikike. Manyowa owola bwino osefa ndi abwino koposa koma akhale owoladi, a ng'ombe aawisi amabwera ndi njere za udzu ndi mbozi zoyera zija. Za chiswecho palani matiresiwo ndi leki yachitsulo muchotse, muone masabata awiri. Nyongolotsi zisiyeni, nzantchito.

Make Tadala (Area 47): Nde osagula kalikonse? Koma ndasangalala. Funso lomaliza, pafupi ndi mpopi wa panja pamera kaudzu kena kowala masamba, kamakula msanga kuposa kapinga, tikatchetcha Loweruka pofika Lachiwiri kataliika kale. Tikazula kamabweranso kochuluka.

Mlangizi wopuma: Kadulireni tsinde mukapotokole pakati pa zala, ngati lili ndi ngodya zitatu ndi dawe. Pansi amakhala ndi timinyatata tolumikizana ndi timizu ngati ulusi, mukazula ulusi umaduka timinyatata nkutsala, kalikonse nkuphuka pakokha, nchifukwa chake akuchuluka. Amakonda pa chinyezi, nde yambani mwakonza mpopiwo ngati ukudontha. Poti ndi malo ochepa kumbani ndi khasu mozama ndithu musefe dothilo ndi manja mutole timinyatata tonse. Mankhwala a udzu wa masamba otambalala monga 2,4-D amapha chisoso, bonongwe ndi zina zotero koma dawe samumva bwino, alipo ake apadera a halosulfuron ngati mungawapeze.

Achimwene a ku Joni: 2,4-D yo musamale nayo, kapinga wa mitundu ya buffalo ndi LM amapsa nayo, muwerenge kaye ngati mtundu wa kapinga wanu walembedwa. Ndipo kukakhala kamphepo musapopere, kautsi kake kokha tomato wa aneba amapiringizika masamba nde mudana. Sipuleya ya mankhwala a udzu ikhale yakeyake, ine ndinailemba ndi penti yofiira, mukasakaniza ndi yopoperera maluwa ngakhale mutsuke pamatsalira. Khovani yekha ndi amene ndimazula ndi manja nkukataya kutali, ukamusiya pansi mfundo iliyonse imagwiranso.

Bambo a ku Kawale: Chisoso ndi bonongwe kupopera mankhwala? Ndiwo zimenezo bwana, tiitaneni tidzathyole

Anaphiri ku Leeds: Bonongwe kuno timagula mmashopu a amwenye ndi ndalama zambiri, nde musandipweteketse mtima

Achimwene a ku Joni: China mayi, anyamatawo auzeni asamatchetche mpaka dothi kuoneka. Anthu amakonda kumeta mpala ndi chikwakwa kuti papite nthawi asanatchetchenso, koma dzuwa likafika pa dothi njere za udzu woipa zimamera ndipo chinyezi chimathawa. Chotsani gawo limodzi mwa atatu a msinkhu wake basi. Komanso mvula ikayamba muzikhala tcheru ndi ntchembere zandonda, sizidya chimanga chokha, pa kapinga zimatha kumeta bwalo lonse masiku awiri. Mukaona mbalame zachuluka pabwalo mmamawa zikujompha pitani mukayang'ane, zikadali zing'onozing'ono ndi pamene cypermethrin wa aneba uja ali ndi ntchito, madzulo njuchi zitapita, ana ndi galu mnyumba mpaka paume.

Mtsikana wa maluwa: Bambo alangizi ndayamba kutsuka, ndafika chubu cha 40 msana wauma. Koma ndaona pa ma cypress ang'onoang'ono nthambi zamkati zikufiira, ndi akodikodi omwewo?

Mlangizi wopuma: Ayi, gwedeza nthambi pamwamba pa pepala loyera uone chimene chigwe. Pali nsabwe zofiirira za mitengo imeneyi, zinaoneka koyamba kuno ku Malawi mu 1986 zisanafalikire maiko ena a mu Africa, zinawononga mipanda ya cypress yambiri ndipo zinagwiranso mkungudza wa ku Mulanje. Zimabisala pa khungwa mkati nde sizioneka msanga, zimachuluka nyengo yopanda mvula. Pakagwa timadontho tofiira toyendayenda tochepetsetsa ndi akangaude ofiira, amenewo cypermethrin amangowachulukitsa. Ujambule pepalalo pafupi utumize.

Mtsikana wa maluwa: Foni yanga kamera ndi yosweka, ndibwereka ya mnzanga mawa

Wa ku Chigumula: Nanga mfuko abale, zandikumbira bwalo lonse milu milu, ndathira madzi mu una mpaka diramu yonse osatuluka. Abambo a ku Kawale mbewu ya ombweyo muli nayo?

Bambo a ku Kawale: Ilipo yambiri yauma kale mmakoko, ndipezeni ku inbox. Koma mudzale mvula ikagwa, pano ingopsa.